Mwana wanga akufuna kubatizidwanso kwa a Mormon, ndithandizeni kumvetsa

Mayi wa Ana Atatu:
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo masabata atatu tsopano. Ine ndine Mkatolika chibadwire, amuna anga ndi a Presibiteriyani, ndipo pa zaka 24 za banja lathu sitinakanganepo pa za mpingo. Mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka 21, wakhala akuphunzira ndi anyamata awiri ovala malaya oyera ndi kabaji kakuda pachifuwa. Lamulungu lapitali watiuza kuti akufuna kukabatizidwa kwa iwo. Ndinamuuza kuti iwe unabatizidwa kale, ndinakunyamula ndekha uli ndi miyezi iwiri, kandulo yako ya tsiku limenelo ndikuisungabe pansi pa sutikesi. Iye anangoti, "Amayi, ubatizo uja unalibe ulamuliro." Mawu amenewa anandilasa mumtima. Koma sindikufuna kumukalipira pa chinthu chimene sindikuchidziwa. Amatchula Yesu, Baibulo amawerenga, mwana wanga chiyambireni kupitako ulemu wake wachita kuwonjezeka. Ndiye kusiyana kwenikweni kuli pati?

Mnyamata wa Kwaya:
Amayi musachedwe nazo, amenewo si Akhristu. Agalatiya 1:8 akunena poyera kuti ngakhale mngelo wochokera kumwamba atabwera ndi uthenga wina, akhale wotembereredwa. Nanga buku lawolo sanati linabwera ndi mngelo? Salani kudya, mumupempherere mwanayo.

Admin:
Achimwene, pa gulu lino pali anthu a mipingo yambiri, ndipo a mpingo umenewo aliponso. Nenani chimene mumakhulupirira, koma mayiwa apempha kuti amvetse. Tiwathandize pamenepo.

M'bale wa Masiku Otsiriza:
Zikomo a Admin. Amayi, ine ndine wa mpingo umenewo, chaka cha 11 tsopano, ndipo ndinakulira mu Anglican. Kuwawa kwanu ndikukumva, mayi anga analiranso chimodzimodzi. Dzina lathu lonse ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. La Mormon ndi lochita kutipatsa anthu potengera buku lathu lija, Buku la Mormon, ndipo mu 2018 mtsogoleri wathu wa nthawiyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti tizitchula dzina lonse.

Mawu aja akuti ulamuliro ndiwo mutu wa nkhani. Ife timakhulupirira kuti atumwi atatha kumwalira, unsembe unachotsedwa pa dziko lapansi. Anthu okonda Yesu ndi mtima wonse analipobe ambirimbiri, koma makiyi omangira pansi pano ndi kumwamba anali atapita. Mu 1820 Joseph Smith, mneneri woyamba wa mpingo wathu, ali ndi zaka 14, anakapemphera m'nkhalango pafupi ndi Palmyra ku New York kufunsa mpingo woti alowe, ndipo anachitira umboni kuti anaona Atate ndi Mwana, awiri, ataima m'kuwala. Mu Meyi 1829 Yohane M'batizi anamusanjika manja iyeyo ndi mnzake Oliver Cowdery, pambuyo pake anabwera Petro, Yakobo ndi Yohane. Buku la Mormon linasindikizidwa mu 1830, mpingo n'kukhazikitsidwa pa 6 Epulo chaka chomwecho. Ndiye tikamabatiza munthu wochokera kwina sitinyoza chikondi cha makolo ake ayi. Timati wobatizayo ayenera kukhala ndi unsembe umenewo. Aliyense timamubatiza, kaya wachokera ku Katolika kaya ku Baptist.

Akatekisiti:
Ndathokoza m'baleyu chifukwa sanabise kanthu. Amayi, taonani apa. Ife Akatolika ndi iwowa timagwirizana kuti payenera kukhala mzere wa kusanjika manja wochokera kwa atumwi. Iwo akuti mzerewo unaduka. Ife tikuti sunadukepo, pakuti pa Mateyu 16:18 Ambuye analonjeza Petro kuti mphamvu za imfa sizidzaugonjetsa Mpingo, ndipo pa Mateyu 28:20 anati adzakhala nafe masiku onse. Ngati unsembe unasowa kwa zaka zoposa 1,700, lonjezo limenelo linali kuti nthawi yonseyo? Funso limeneli mwana wanu ayenera kulimva.

Koma pali china chachikulu kuposa ichi. Amuna anu atafuna kulowa Katolika lero, sitingawabatizenso. Ubatizo wa Presibiteriyani, wa Anglican, wa Lutheran timaulandira, bola unachitika ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Mwana akakhala pafupi kufa, ngakhale namwino wa kuchipatala angathe kumubatiza. Koma mu Juni 2001 ofesi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso, imene ankaitsogolera Kadinala Joseph Ratzinger amene anadzakhala Papa Benedict XVI, inayankha kuti ubatizo wa mpingo wa Masiku Otsiriza sitiuwerengera. Chonsecho mawu amene amanena pobatiza akutchula atatu omwewo.

Mayi wa Ana Atatu:
Apa ndiye pandisokoneza zedi a Katekisiti. Madzi omwewo, mayina omwewo, nanga chalakwika n'chiyani?

Akatekisiti:
Mayina ndi omwewo, koma amene akutchulidwayo timamumva mosiyana. Ife timati Mulungu ndi mmodzi yekha, ndipo mwa Mulungu mmodziyo muli atatu, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, a umulungu umodzi. Alibe chiyambi, alibe thupi mwa chibadwa chake, pakuti Yohane 4:24 akuti Mulungu ndi mzimu. Mwana ndiye anatenga thupi m'mimba mwa Maria. Zonse zimene zilipo anazilenga popanda kanthu kena kalikonse koyambira. M'bale wathu anene yekha mmene iwo amaphunzitsira, ndisamuikire mawu m'kamwa.

M'bale wa Masiku Otsiriza:
Mwachita bwino kundisiyira. Ife timati Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana, aliyense payekha, koma ndi amodzi mu cholinga, mu chifuniro ndi mu chikondi. Umodzi wake ndi uja Yesu anaupempherera pa Yohane 17, kuti ophunzira ake akhale amodzi monga Iye ndi Atate ali amodzi. Ophunzirawo sanasanduke munthu mmodzi. M'buku lathu la Chiphunzitso ndi Mapangano, gawo 130, muli mawu oti Atate ali ndi thupi la mnofu ndi mafupa logwirika monga la munthu, Mwananso chimodzimodzi, koma Mzimu Woyera ndi mzimu. Stefano atatsala pang'ono kuponyedwa miyala anaona Yesu ataima ku dzanja lamanja la Mulungu. Ndipo Genesis akati tinalengedwa m'chifaniziro chake, ife timamva momwemo.

Timakhulupiriranso kuti tonsefe tinakhalako ngati ana auzimu a Atate tisanabadwe, Yesu ndiye woyamba kubadwa, ndipo polenga dziko Mulungu anakonza zinthu zimene zinalipo kale. Mwana amakula n'kufanana ndi bambo ake. Ndiye amene akhala okhulupirika mpaka mapeto angathe kudzakhala monga Atate alili. Kwa ine chiphunzitso chimenechi ndi chimene chinandigwira mtima. Ndikagwada ndimadziwa kuti ndikuyankhula ndi Bambo amene ali ndi nkhope.

Mkulu wa Mpingo:
Ine ndine wa Presibiteriyani ngati amuna anu, Amayi. Ndi a Katekisiti timasiyana pa zambiri, za Papa, za Maria, za Misa, koma apa ndaima nawo phewa ndi phewa. Deuteronomo 6:4, Yehova Mulungu wathu ndi mmodzi. Yesaya 43:10, ndisanakhale Ine panalibe mulungu wina wopangidwa, ndipo sipadzakhalanso wina pambuyo panga. Vesi limeneli ndi limene limandikanikitsa kuvomera zoti munthu angadzakhale Mulungu, kapena zimene Joseph Smith analalikira mu 1844, miyezi yochepa asanaphedwe, zoti Atate nawonso anayamba akhalapo munthu ngati ife. Pakati pa Mlengi ndi cholengedwa pali phompho limene cholengedwa sichingalumphe. Uthenga wabwino ndi wakuti Mlengiyo ndi amene anawoloka kubwera kwa ife.

M'bale wa Masiku Otsiriza:
Nanga 2 Petro 1:4, Abambo, pamene akuti tidzakhala ogawana nawo umulungu wake? Ndi Aroma 8:17, olowa nyumba pamodzi ndi Khristu?

Akatekisiti:
Mavesi amenewo ndi athunso, ndipo a Orthodox amawakonda kuposa tonsefe. Athanasius wa ku Alexandria analemba kuti Mwana wa Mulungu anakhala munthu kuti ife tikhale ngati Mulungu. Koma tamvani tanthauzo lake. Chitsulo mukachiika pamoto chimafiira, chimatentha, chimawala ngati moto womwewo, koma ndi chitsulobe. Kutenthako n'kochita kulandira. Munthu wa kumwamba adzadzazidwa ndi moyo wa Mulungu mwa chisomo, koma adzakhalabe wolengedwa mpaka muyaya. Kwa inu, Mulungu ndi munthu ndi a mtundu umodzi, wina wafika kale pamene wina ali pa ulendo. Kwa ife si a mtundu umodzi. Apa ndiye pagona kusiyana konse.

Wophunzira Mbiri:
Ndiponyepo za mbiri pang'ono kuti Amayi aone kumene mkanganowu unachokera. Mu 325 maepiskopi anasonkhana ku Nicaea chifukwa wansembe wina wa ku Alexandria, Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa ndipo inalipo nthawi imene kunalibe. Msonkhanowo unayankha kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa, wa umulungu umodzi ndi Atate. Mu 381 ku Constantinople anawonjezera za Mzimu Woyera. Chikhulupiriro chimenechi Akatolika, a Orthodox, a Anglican, a Lutheran, a Presibiteriyani onse amachivomereza, ndipo a Baptist ndi a Pentekoste ambiri, ngakhale sachinena pamtima Lamulungu, zimene chikunenazo amazikhulupirira. Kugawanika kwa Roma ndi Constantinople mu 1054 sikunagwetse maziko amenewa, ngakhale anatsutsana ngati Mzimu amachokera kwa Atate okha kapena kwa Atate ndi Mwana. Martin Luther mu 1517 anatsutsa zambiri koma Utatu Woyera sanaukhudze. A Masiku Otsiriza amaona misonkhano imeneyi ngati chizindikiro chakuti nzeru za anthu zinalowa m'malo mwa vumbulutso. Ndiye iwo sadzitcha Apulotesitanti. Sakuti anabwera kudzakonza nyumba yothonya, akuti anabwera kudzaimanganso.

Mnyamata wa Kwaya:
Koma Chivumbulutso 22:18 amaletsa kuwonjezera pa Baibulo! Iwo ali ndi mabuku anayi.

Wophunzira Mbiri:
Anayi ndi zoona: Baibulo, Buku la Mormon, Chiphunzitso ndi Mapangano, ndi Ngale ya Mtengo Wapatali. Koma vesi mwatchulalo musaliyedzamire kwambiri, achimwene, chifukwa Yohane ankanena za buku la ulosi limene ankalembalo, Chipangano Chatsopano chisanasonkhanitsidwe pamodzi. Komanso dziwani kuti Baibulo lanu lili ndi mabuku 66 pamene la Amayiwa lili ndi 73. Muli Tobiti, Yuditi, Nzeru, Sira, Baruki ndi awiri a Amakabeo, amene msonkhano wa ku Trent unatsimikiza mu 1546. Kusiyana kwenikweni ndi uku: Mpulotesitanti amati Malemba okha ndiwo muyeso womaliza. Mkatolika amati Malemba pamodzi ndi Mwambo wa atumwi, womasulira wake Mpingo, koma vumbulutso la onse linatsekedwa ndi nthawi ya atumwi, ndipo ngakhale Papa sangalembe buku latsopano la Malemba. A Masiku Otsiriza amati khomo likadali lotsegula, ali ndi mneneri wamoyo ndi atumwi 12, ndipo Baibulo amalikhulupirira malinga ngati lamasuliridwa molondola.

Mayi wa Ana Atatu:
Achimwene a kwaya, ndikufunseni mwaulemu. Mwana wangayu akanabwera ku mpingo wanu, ubatizo wake wa ukhanda mukanaulandira?

Mnyamata wa Kwaya:
Kunena zoona ayi, Amayi. Ifenso tikanamumiza m'madzi, chifukwa timati munthu ayambe wakhulupirira yekha. Ndinalankhula mothamanga poyamba paja, mundikhululukire. Koma pa za Mulungu mmodzi ndili kumbali ya a Katekisiti ndi a Mkulu wa Mpingo.

Mkulu wa Mpingo:
Mwafunsa funso labwino, Amayi, ndipo laonetsa kuti mizere yake siiyenda mowongoka. Pa ubatizo wa makanda, Akatolika, a Orthodox, a Anglican, a Lutheran ndi ife tili mbali imodzi. A Baptist, a Pentekoste, a Adventist ndi a Masiku Otsiriza ali mbali ina. A Masiku Otsiriza amabatiza mwana akafika zaka 8, ndipo tchimo la Adamu amati mwana sabadwa nalo mlandu. Pa za chipulumutso mizere imasinthanso. Ife timagwira Aefeso 2:8-9, mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, osati ntchito. Akatolika amatikumbutsa Yakobo 2:24, ngakhale mu 1999 ku Augsburg iwo ndi a Lutheran anasainirana kuti chipulumutso chimayamba ndi chisomo chokha. A Masiku Otsiriza amati popanda nsembe ya Khristu palibe angapulumuke, komabe kuti ukafike ku ulemerero wapamwamba pafunika miyambo ya unsembe wawo ndi kusunga mapangano.

Agogo Aakazi:
Ana anga, ine zakuya zanuzi zina zikundipitirira. Funso langa ndi limodzi. Amuna anga anamwalira osabatizidwa, anali munthu wabwino koma kutchalitchi ankakana. Zaka 9 zapita ndipo usiku ndimawaganizirabe. Mipingo yanuyi imati chiyani za iwo?

M'bale wa Masiku Otsiriza:
Agogo, pepani kwambiri. Kwa ife imfa siitseka mwayi. Timakhulupirira kuti uthenga umalalikidwanso kwa mizimu ya akufa, monga 1 Petro 3:19 ndi 4:6 akunenera, ndipo wamoyo angathe kubatizidwa m'malo mwa wachibale wake amene anamwalira. Paulo anazitchula pa 1 Akorinto 15:29. Zimachitikira m'kachisi mokha, nyumba yapadera yosiyana ndi matchalitchi amene timapempheramo Lamulungu. Dziwe lake limakhala pamsana pa ng'ombe 12 zosema, zitatu zitatu kuyang'ana mbali zinayi, monga thawale la m'kachisi wa Solomoni. Umavala zoyera, umalowa m'madzi, wobatiza amatchula dzina lako kenako dzina la malemuyo. Ine ndinalowera agogo anga aamuna, ndipo potuluka m'madzimo misozi inali mbwembwembwe. Malemuyo sakakamizidwa, ali ndi ufulu kulandira kapena kukana. N'chifukwa chake mpingo wathu umasonkhanitsa kwambiri mayina a makolo akale.

Akatekisiti:
Agogo, ife sitibatizira akufa, koma timawapempherera, monga Yuda Makabeo anachitira pa 2 Amakabeo 12. Mpingo umaphunzitsa kuti Mulungu anamangirira chipulumutso ku ubatizo, koma Iye mwini sanamangidwe ndi masakramenti ake. Munthu amene anafunafuna choona ndi kutsata chikumbumtima chake monga anadziwira, Mulungu ali ndi njira zomufikira zimene ife sitiziona. Mpingo unatchulapo oyera ambirimbiri kuti ali kumwamba, koma sunatchulepo munthu ndi mmodzi yemwe kuti uyu ali kumoto. Apempherereni amuna anuwo, mungathenso kuwapemphera Misa.

Mkulu wa Mpingo:
Ife timawerenga Ahebri 9:27, kuti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo, ndiye za Puligatoriyo kapena kubatizira akufa sitichita. Koma Agogo, kumbukirani mbala ija pamtanda. Sinabatizidwe, inangoti mundikumbukire, ndipo inalonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Zimene amuna anu analankhula ndi Mulungu mu ola lawo lomaliza palibe anazimva. Woweruza wake ndi yemwe anawafera.

Agogo Aakazi:
Zikomo ana anga. Nonse atatu mwandipepuza, aliyense m'njira yake.

Wophunzira Mbiri:
Amayi, pali ziwiri zimene mwana wanu ayenera kuzimva asanalowe, si bwino akazimvere m'tsogolo kwa adani a mpingowo. Choyamba mitala. Joseph Smith anakwatira akazi ambiri, Brigham Young amene anatsogolera anthuwo kukafika ku Salt Lake mu 1847 chimodzimodzi, ndipo mpingo unalengeza zosiya mu 1890 pansi pa Wilford Woodruff. Chachiwiri, kuyambira nthawi ya Brigham Young mpaka Juni 1978, amuna akuda sankapatsidwa unsembe, ndipo akuda onse, amuna ndi akazi, sankaloledwa miyambo ikuluikulu ya m'kachisi.

M'bale wa Masiku Otsiriza:
Zonse ziwiri ndi zoona ndipo sindizikana. Lero wokwatira mitala amachotsedwa mumpingo. Timagulu timene timachitabe zimenezo si a mpingo wathu. Ya 1978 ija inandivuta kwa chaka chathunthu, ine munthu wakuda. Spencer W. Kimball, mtsogoleri wa mpingo pa nthawiyo, ndiye analengeza kutha kwa chiletsocho, ndipo mu 2013 mpingo unalemba poyera kuti ukukana ziphunzitso zakale zoti khungu lakuda ndi temberero. Bala lake lilipo. Ndinatsala chifukwa cha umboni umene ndili nawo wa Buku la Mormon, koma wondifunsa sindimubisira.

Amayi, za tsiku ndi tsiku mudzaziona msanga: sadzamwa tiyi, khofi kapena mowa, lamulo lake timalitcha Mawu a Nzeru, la 1833. Adzapereka chakhumi. Ndipo chimodzi ndikuuziretu chifukwa chinawapweteka mayi anga. Ukwati wa m'kachisi, umene timati umamanga banja mpaka muyaya, amalowamo a mpingo okha amene ali ndi chilolezo. Mayi anga anadikira panja. Kuyambira mu 2019 zinapepukako, anthu angathe kuyamba ukwati wa onse kumene makolo alipo, n'kupita kukachisi osadikira chaka monga zinkakhalira m'mayiko ena.

Akatekisiti:
Ndipo mumuuze chimene akusiya. Kwa ife Ukaristiya ndi Thupi ndi Magazi enieni a Ambuye, Yohane 6 timamumva momwemo. Kumene akupitako mgonero ndi chikumbutso ndi kukonzanso mapangano. Maria amamulemekeza ngati mayi wa Yesu koma sapempha kuti awapempherere. Akabatizidwa kumeneko sangalandirenso Ukaristiya pokhapokha atabwerera ndi kulapa. Koma ife sitidzamubatizanso, chifukwa kwa ife chizindikiro cha tsiku lija munamunyamula sichifufutika.

Mayi wa Ana Atatu:
Ndabweranso patapita masiku asanu. Ndinawerenga zonse kawiri, zina ndinawawerengera bambo ake. Lachitatu usiku tinakhala naye pansi. Sindinayambe ndi za ubatizo. Ndinamufunsa kuti, mwanawe, ukudziwa kuti kumeneko amati Atate ali ndi thupi, ndipo si Mulungu mmodzi mwa atatu monga ndinakuphunzitsira? Ndinkaganiza kuti adzidzimuka. Anati akudziwa, ndipo n'chimene chinamukoka, chifukwa kuyambira ali wamng'ono Utatu Woyera sunkamulowa ndipo ankachita manyazi kufunsa. Ndinamva chisoni kuti mwana anasenza funso limeneli zaka zonsezi m'nyumba mwanga ine osadziwa.

Bambo ake anatsegula Yesaya 43 ndi Yohane 1, iye anatsegula Yohane 17, anakambirana mpaka usiku ndithu popanda wokweza mawu. Za 1978 sankazidziwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati akawafunsa anyamata aja.

Tagwirizana kuti ayembekeze miyezi iwiri. Akakumana ndi abambo mfumu a parishi yathu kuti afunse mafunso ake onse, ndipo ine ndinavomera kupita naye kumapemphero awo kamodzi. Ndapitako dzulo. Anandilandira bwino. Ndinaona tinyamata tating'ono titavala mataye tikuyendetsa mkate wonyemanyema ndi timakapu ta madzi m'malo mwa vinyo, mwakachetechete, makanda akulira apo ndi apo. Palibe mtanda kutsogolo, palibe guwa monga ndinazolowera. Mbale itafika pa ine ndinaipatsira kwa mnzanga osatengapo, ndipo mwana wanga anandigwira dzanja.

Sindikudziwa kuti miyezi iwiriyi ikatha asankha chiyani. A Katekisiti, ngati muli ndi kabuku kofotokoza Utatu Woyera m'mawu osavuta, nditumizireni ku inbox, ndikufuna ndiyambe ndawerenga ndekha ndisanamupatse. Ndipo inu m'bale wa Masiku Otsiriza, ngati mayi anu angalole, ndikufuna nditalankhula nawo.